Kuchokera ku Chatinkha Kufika ku Phalombe: Mbiri ya NEST360 ndi Maphunziro a Osamalira Makhanda

Boma la Phalombe linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, koma linatha zaka zoposa 20 lilibe chipatala chachikulu cha boma. Nthawi yonseyo mayi wa ku Nkhulambe, ku Chiringa, ku Nambazo kapena wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akavutika pochira, kapena khanda lake likabadwa masiku asanakwane, maso onse ankayang'ana ku chipatala cha mishoni cha Holy Family, m'tsinde mwa phiri, ndipo zikakanika kumeneko ulendo unali wa ku Zomba kapena ku Blantyre. Mu 2022 chipatala chatsopano chinatsegulidwa ku Migowi n'kupatsidwa dzina la John Chilembwe, ndipo boma la anthu oposa 429,000, malinga ndi kalembera wa 2018, linapeza pogonekera odwala ake. Komatu nyumba yatsopano imabwera ndi funso limene njerwa ndi malata sizingayankhe: kodi amene akhale maso usiku wonse pambali pa khanda la kilogalamu imodzi ndi theka ndani, ndipo ntchitoyo waiphunzira kuti? Funsoli lili ndi mbiri yake m'dziko muno, ndipo mbiriyo imaoneka bwino tikatsata bungwe la NEST360. Bungweli limadziwika ndi makina, koma chimene zaka zake zatiphunzitsa n'chakuti makina sapulumutsa khanda ngati munthu wowagwiritsa ntchito sanaphunzitsidwe bwino tsiku lomwe akulowa m'wodi, ndiponso ngati sapitiriza kuphunzitsidwa akakhazikika.

Tiyambe ndi vuto lomwe linabala bungweli. Malawi anachita zotamandika pochepetsa imfa za ana. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Katemera, maneti, mankhwala a malungo ndi a chibayo, komanso alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi, ndiwo anagwira ntchitoyi. Koma imfa za makhanda osakwana masiku 28 zinatsika mwaulesi, kuchoka pa 41 kufika pa 27 pokha. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo amayi anamvera uphungu n'kusiya kuchirira kunyumba: mu 1992 amayi pafupifupi 55 mwa 100 aliwonse ndiwo ankachirira kuchipatala, pomwe pofika 2016 anali 91. Boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi mu 2007, mafumu anaika malamulo ndi zindapusa, zidikiro zinamangidwa. Amayi anabweradi, koma makhanda awo odwala ankafera m'manja mwa achipatala. Lipoti la padziko lonse la Born Too Soon la 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse. Apa zinaonekeratu kuti kuitana amayi kuchipatala ndi theka chabe la lonjezo; theka linalo ndi luso lomwe akalipeze kumeneko.

Mizu ya NEST360 ili pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, makamaka m'wodi ya makhanda ya ku Chatinkha, ndipo nthaka yake inali italimidwa kale. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine itatsegulidwa mu 1991, nthambi ya ana pa Queens inasanduka malo ophunzitsira. Profesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakonzanso kalandiridwe ka ana odwala, anatsegula malo olandirira ana odwalitsa mu 2001, ndipo anaphunzitsa aliyense, kuyambira dokotala mpaka wolandira anthu pakhomo, kuzindikira mwana amene sangadikire pamzere. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 mwa 100 aliwonse kufika pakati pa 6 ndi 8, osati chifukwa cha mankhwala atsopano koma chifukwa cha dongosolo ndi maphunziro. Njira imeneyi, yotchedwa ETAT, inafalikira m'mayiko ambiri. Ku Zomba nako, mu 1999, chipatala chachikulu chinakhazikitsa wodi ya kangaru, njira yomwe inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, yoti mayi aziika khanda lochepa pachifuwa khungu kukhudzana ndi khungu. Wodi ya ku Zomba inakhala sukulu ya anamwino ochokera m'maboma ambiri, ndipo mu 2005 Unduna wa Zaumoyo unaika kangaru m'ndondomeko za dziko. Choncho alendo asanabwere ndi zipangizo, Amalawi anali ataona kale ndi maso awo kuti wogwira ntchito wophunzitsidwa bwino amasintha chiwerengero cha maliro.

Cha m'ma 2006, aphunzitsi awiri a zopangapanga a pa Rice University ku Houston m'dziko la America, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anayamba kufika pa Queens. Anaona zomwe aliyense woyenda m'zipatala zathu amadziwa: zipinda zodzaza ndi makina a mphatso ochokera kunja, atafa chifukwa cha fumbi, kutentha, kuzimazima kwa magetsi kapena kusowa kwa kachipangizo kamodzi kosinthira. Anaonanso makhanda obadwa msanga akulephera kupuma. Mapapo a khanda lotere amakhala asanakhwime, timatumba take ta mpweya timafota nthawi iliyonse likatulutsa mpweya, ndipo limatopa mpaka kusiya kupuma. Kumayiko olemera vutoli amalithetsa ndi makina a CPAP, omwe amakankhira mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno kuti timatumbato tisafote, koma makina amodzi ankagulidwa pafupifupi madola 6,000. Ophunzira a ku Rice, mothandizana ndi madokotala ndi anamwino a pa Queens, anapanga makina awo pogwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'mabokosi owetera nsomba ndi botolo la madzi, pamtengo wosakwana madola 500. Makinawo anawatcha Pumani. Mwambi uja umati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa unapherezera. Komabe kalumoko kanasulidwa m'wodi ya Chatinkha, anamwino akunena chomwe chikuvuta ndi chomwe chiyenera kusinthidwa.

Mu 2012 makinawa anayesedwa pa Queens pa makhanda 87, ndipo zotsatira zake, zomwe Dokotala Kondwani Kawaza ndi anzake anafalitsa mu 2014, zinagwedeza anthu. Mwa makhanda omwe anaikidwa pa Pumani, 71 mwa 100 aliwonse anatuluka amoyo, pomwe mwa omwe analandira okisijeni wamba anali 44. Pa makhanda a mapapo osakhwima kusiyana kunali kwakukulu koposa: pafupifupi 65 pa makina, pafupifupi 24 popanda makina. Mphoto ndi thandizo zinatsatira. Mu 2013 aphunzitsi awiri aja anapereka mphoto yawo ya Lemelson-MIT ya madola 100,000 kuti ithandize kukuza wodi ya makhanda pa Queens, ndipo chaka chomwecho bungwe la Friends of Sick Children linalandira madola 400,000 kuchokera ku GSK ndi Save the Children kuti ntchitoyi ifalikire. Unduna wa Zaumoyo unavomereza kuti Pumani apite m'zipatala zikuluzikulu ndi za m'maboma. Nkhaniyi ikadathera apa ikadakhala yosavuta kuikamba: vuto linalipo, makina anabwera, ana anapulumuka. Koma gawo lofunika kwambiri la mbiriyi ndi lomwe linachitika makinawo atatuluka mu Blantyre.

Zotsatira za m'zipatala 26 za boma zitasonkhanitsidwa n'kufalitsidwa mu 2019, zinaonetsa kupita patsogolo, koma kochepa poyerekeza ndi kwa pa Queens. Makhanda ovutika kupuma omwe anatuluka amoyo anakwera kuchoka pa 48.6 kufika pa 54.5 mwa 100 aliwonse, ndipo a mapapo osakhwima kuchoka pa 39.8 kufika pa 48.3. Imeneyi ndi miyoyo yeniyeni ndipo palibe angaipeputse, koma makina anali omwewo, nanga bwanji phindu linachepa chotere? Ofufuza anapeza zifukwa zomwe sizinali m'makina. Makhanda ambiri ankafika m'wodi atazizidwa, ndipo khanda lozizidwa limafa ngakhale lili pa CPAP. Ena oyenera kuikidwa pa makina sankaikidwa chifukwa wogwira ntchito tsikulo sankadziwa kuwazindikira kapena ankaopa kuyamba yekha. Ena ankaikidwa mochedwa, atatopa kale. Namwino yemwe anapita kumaphunziro ankapezeka kuti wasamutsidwira kuwodi ina, ndipo m'malo mwake mwabwera wina amene sanawakhudzepo makinawo. Usiku, namwino mmodzi ankayang'anira makhanda ambiri, nthawi zina pamodzi ndi amayi omwe angochira kumene. Khanda la pa CPAP limafuna kuliyang'ana pafupipafupi: kupukuta mamina, kuona ngati timachubu tili m'malo mwake, kuona ngati madzi a m'botolo akuchita thovu. Chimodzi mwa izi chikaphonyeka, makina amangolira koma mpweya sufika.

Umboni wina wowawa unachokera ku Salima. Kumeneko, pa chipatala cha boma, anafufuza ngati CPAP ingathandize ana a mwezi umodzi mpaka zaka zosakwana zisanu odwala chibayo choopsa, m'malo momwe dokotala sankawaona tsiku ndi tsiku. Mwa ana 644, omwe anaikidwa pa CPAP anamwalira 17 mwa 100 aliwonse, pomwe omwe analandira okisijeni wamba anamwalira 11, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe. Awa sanali makhanda a masiku ochepa, matenda awo anali osiyana, ndipo sitinganene kuti zotsatirazi zikufafaniza za ku Chatinkha. Koma zikutiuza chinthu chimene aliyense wogula zipangizo za chipatala ayenera kuchisunga mumtima: chida champhamvu chimafuna chisamaliro champhamvu, ndipo chikapita kumalo komwe anthu ndi luso n'zopereŵera, chikhoza kuvulaza amene chinabwera kudzathandiza. N'chimodzimodzi ndi okisijeni yemwe: wochepa amapha, wochuluka amawononga maso a khanda lobadwa msanga mpaka kulichititsa khungu. Pakati pa ziwirizi pamaima munthu wodziwa kuyeza ndi kusintha.

Chomwe chikupatsa ulemu anthu a m'mbiriyi n'chakuti sanabise zoterezi, koma anasintha kagwiridwe ka ntchito. Pa Queens anakonza njira yachidule ya mafunso atatu, yotchedwa TRY, yothandiza namwino kapena clinical officer kudziwa khanda loyenera CPAP popanda kudikira katswiri: ngati thupi lake lili ndi mphamvu, ngati likuvutika kupuma, ndiponso ngati mtima ukugunda koposa ka 100 pa mphindi. Cha m'ma 2015 bungwe la akatswiri a umoyo wa ana la PACHA, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linatulutsa buku ndi maphunziro a COIN, okhudza kasamalidwe ka khanda ndi mwana wamng'ono, olembedwa molingana ndi zomwe zimapezeka m'zipatala zathu. Kenaka kunabwera njira yoti anamwino odziwa ntchito azipita m'zipatala za m'maboma kukagwira ntchito limodzi ndi anzawo m'wodi momwemo, osati kuwaitanira ku hotela. Kafukufuku anaonetsa kuti komwe alangizi oterewa anafika, makhanda ambiri oyenera CPAP anayamba kuikidwa pa makina. Maphunziro a Helping Babies Breathe, omwe anafika m'dziko muno cha m'ma 2011, anali ataphunzitsa kale azamba kuti khanda losapuma lithandizidwe m'mphindi yoyamba. Tsopano panapezeka maphunziro a zomwe zimatsatira mphindi imeneyo, masiku ndi masabata a m'wodi.

NEST360 inabadwa kuchokera m'zophunzira zimenezi. Mu 2017 gululi linafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa 100&Change wa MacArthur Foundation n'kulandira madola 15 miliyoni, ndipo mu 2019 linakhazikitsidwa ngati mgwirizano wa masukulu a ukachenjede, zipatala ndi maboma, lili ndi thumba la madola 68 miliyoni, kuti ligwire ntchito m'Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria; Ethiopia analowa pambuyo pake. Mwa atsogoleri ake munali Amalawi monga Dokotala Queen Dube, yemwe pambuyo pake anakhala mkulu woyang'anira ntchito za chipatala mu Unduna wa Zaumoyo asanapite ku bungwe la WHO, Dokotala Kawaza, Dokotala Msandeni Chiume wa pa Kamuzu Central, ndi Profesa Theresa Mkandawire wa pa Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS. Bungweli silinabwerenso ndi makina amodzi. Linabwera ndi mtolo wathunthu: zofunditsira, CPAP, makina opanga okisijeni ndi oyezera okisijeni m'magazi, nyali zochizira chikasu, zoyezera shuga, zokokera mamina. Pamwamba pa izi linalemba maphunziro a anamwino ndi madokotala, linaphunzitsa aphunzitsi awo, linaphunzitsa amisiri okonza makina a chipatala, ndipo linakhazikitsa kalembedwe ka mbiri ya khanda lililonse kuti wodi izidziwa yokha pomwe ikulephera. Bungwe lomwe linayamba ndi mapampu a nsomba linafika pozindikira kuti ntchito yake yaikulu ndi yophunzitsa anthu.

Kuti timvetse chifukwa chake maphunziro oyambira ali ofunika chotere, tiganizire zomwe munthu watsopano m'wodi ya makhanda ayenera kudziwa, ngakhale atakhala namwino wa zaka zambiri kuwodi ya akuluakulu. Khanda silinena pomwe pakupweteka, ndipo zizindikiro zake n'zobisika: kuleka kuyamwa, kufooka, kubuula potulutsa mpweya, kupuma koposa ka 60 pa mphindi, kapena kungosiya kupuma kwa kanthawi. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo limazizidwa msanga, pa sikelo, pa thewera lonyowa, panjira yochokera kochirira. Mankhwala ake amawerengedwa potengera magalamu, moti kulakwitsa kadontho pa nambala kumapereka mlingo wochuluka kakhumi. Madzi a m'diripi omwe munthu wamkulu sangawamve n'komwe akhoza kumiza mapapo a khanda. Mkaka wa mayi uyenera kufinyidwa, kuyezedwa ndi kuperekedwa pa nthawi yake, m'kakapu kapena m'kachubu kopita m'mimba, ndipo kachubuko kakalowa molakwika mkaka umapita m'mapapo. Chikasu chikanyalanyazidwa chimawononga ubongo kwa moyo wonse. Manja osasamba, pochoka pa khanda lina kupita pa lina, amanyamula tizilombo tomwe tingathe wodi yonse. Zonsezi zikhoza kulembedwa m'buku, koma sizilowa m'manja mwa munthu pongowerenga. Zimalowa poyeserera pa chidole, kenaka pochita wodziwa ataima pambali, mobwerezabwereza, mpaka mantha atatha.

Palinso luso lina lomwe makina sangalipereke, luso lolankhula ndi banja. M'madera ambiri anthu amaopa okisijeni ndi timachubu ta m'mphuno, chifukwa anaonapo wodwala akuikidwa pa mpweya kenaka n'kumwalira, osadziwa kuti anaikidwa mochedwa. Mayi kapena agogo omudikirira akhoza kukana, kapena kuchotsa kachubu namwino akatembenuka. Mwambo wathunso unazolowera kuti khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta limaikidwa ndi amayi okha, popanda maliro aakulu, ndipo n'zosavuta kuti aliyense, ngakhale wachipatala, aziona imfa ya kakhanda kochepa ngati chinthu chosapeweka. Namwino wophunzitsidwa bwino amakhala pansi n'kufotokoza kuti, “Amayi, mpweyawu ukumuthandiza mwana kuti asatope, bwerani mumugwire, muone mmene akupumira.” Ndipo sayansi yatsimikiza kuti mayi si mlendo m'wodi. Kafukufuku wa WHO yemwe anafalitsidwa mu 2021, wochitikira pa Queens pamodzi ndi zipatala za ku Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, anapeza kuti makhanda olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8 akayamba kangaru atangobadwa, asanadikire kuti akhale bwino, imfa zimatsika kuchoka pa 15.7 kufika pa 12 mwa 100 aliwonse. Ndiye kuti wogwira ntchito watsopano ayenera kuphunzira kusamalira khanda lili pachifuwa cha mayi ake, machubu ali pomwepo.

Ena amatsutsa kuti dziko losauka ngati lathu lisamathire ndalama m'mawodi a makina pomwe zipatala zazing'ono zikusowa mankhwala, ndipo atsikana akutenga mimba ali aang'ono. Mfundoyi ili ndi mphamvu, makamaka ku Phalombe komwe maukwati a ana ndi malungo ndi zina mwa zomwe zimachititsa kuti ana abadwe msanga. Kupewa n'kofunikadi. Koma ngakhale mayiko olemera kwambiri sanathe kuthetsa kubadwa msanga, ndipo khanda lomwe labadwa lero pa masabata 32 silingadikire kuti ndondomeko zopewera zibale zipatso. Komanso zambiri zomwe maphunzirowa amapereka si zodula: kupukuta ndi kufunditsa khanda, kuliika pachifuwa, kuliyamwitsa msanga, kusamba m'manja, kuzindikira chizindikiro choopsa ndi kutumiza mwana kuchipatala chachikulu ali wofunda. Mzamba wa ku Sukasanje kapena ku Chitekesa akadziwa izi, khanda limafika ku Migowi lili ndi mwayi. Akapanda kudziwa, limafika litazizira, ndipo makina onse a m'wodi amakhala opanda ntchito. Choncho maphunzirowa sakupikisana ndi chipatala chaching'ono; ndiwo ulusi wolumikiza chipatalacho ndi wodi ya boma.

Ena amati maphunziro a m'zipatala zathu anasanduka malonda a alawansi: anthu omwewo amapita ku misonkhano ya ku nyanja, amabwera ndi satifiketi, koma m'wodi simusintha kanthu, ndipo opereka thandizo akachoka zonse zimazima. Dandauloli n'loona, ndipo sitiyenera kulizemba. Koma taonani kuti mbiri ya NEST360 ikugwirizana ndi dandauloli, osati kulitsutsa. Chomwe chinasintha zinthu si msonkhano wa masiku asanu ayi, koma kuphunzitsana m'wodi, kubwereza, ndi kuyang'ana ziwerengero za wodi mwezi ndi mwezi. Yankho la maphunziro oipa ndi maphunziro abwino, osati kusiya kuphunzitsa. Za kudalira thandizo la kunja, ngoziyo ndi yeniyeni, chifukwa NEST360 imayenda ndi ndalama za mabungwe akunja ndipo tsiku lina zidzatha. Njira yotetezera ndi kulowetsa maphunzirowa momwe sangachotsedwe: m'ndondomeko za masukulu a unamwino, mu KUHeS yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, m'makoleji a CHAM, ndi m'zomwe bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limafuna kuti namwino aonetse kuti akupitiriza kuphunzira. Luso likalowa m'sukulu ndi m'malamulo a ntchito, limakhala la dziko, silichokanso ndi galimoto ya polojekiti.

Kutsutsa kovuta kwambiri kumachokera kwa oyang'anira anamwino eniake. Iwo amati anamwino ndi ochepa, aliyense ayenera kudziwa wodi iliyonse, ndiye kusinthasintha anthu n'kosapeweka. Kusunga ena kuwodi ya makhanda mpaka kalekale n'kulanda mawodi ena. Palibe angakane kuti anamwino ndi ochepa. Koma tiwerengere bwino. Namwino amatenga miyezi kuti azolowere makhanda, ndipo m'miyezi imeneyo ndi pomwe zolakwika zimachuluka. Akasamutsidwa atangozolowera, wodi imabwerera poyambira, ndipo ndalama zonse zomwe zinamuphunzitsa zapita kuwodi komwe luso limenelo silikufunika. Chipatala chosowa anthu ndicho sichingakwanitse kutaya luso mwanjira imeneyi. Sitikunena kuti aliyense akhazikike malo amodzi. Tikunena kuti wodi ya makhanda ikhale ndi anthu angapo okhazikika, pa shifiti iliyonse pakhale mmodzi wodziwa, ndipo watsopano asasiyidwe yekha usiku asanaonetse kuti akutha ntchito. Ndipo kuti anthu akhazikike mokondwa, ntchitoyi iyenera kukhala ndi makwerero ake: maphunziro apamwamba a unamwino wa makhanda, udindo wodziwika, ndi malipiro ogwirizana nawo. Apo ayi, namwino waluso amakwezedwa pomuchotsa pambali pa khanda n'kumuika mu ofesi.

Ku Phalombe nkhani yonseyi ili ndi poyambira pabwino. Pafupi ndi chipatala cha Holy Family pali koleji ya unamwino ndi uzamba ya dzina lomweli, imodzi mwa makoleji a CHAM omwe amaphunzitsa anamwino ambiri ogwira ntchito kumidzi. Ophunzira ake ndi amene mawa adzalandire makhanda m'zipatala za kuno ndi za maboma ena, ndipo m'mera mpoyamba: wophunzira amene wagwira CPAP, wayeza kutentha kwa khanda ndi kuthandiza mayi kuika mwana pa kangaru asanalandire dipuloma, sadzafika pantchito ali mlendo. Koleji, chipatala cha mishoni ndi chipatala cha boma zili m'dera limodzi, ndipo zingathe kukhala sukulu imodzi ya makhanda. Derali lilinso ndi chifukwa chapadera chofunira luso lakelake. Anthu sanaiwale madzi ndi miyala zomwe zinatsika m'phiri la Michesi mu 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola milatho ndi misewu, anawononga chipatala cha Nkhulambe, n'kudula midzi yambiri kwa masiku. Pa nthawi ngati imeneyo ambulansi siyenda, magetsi amazima, ndipo katswiri wa ku Blantyre sangafike. Amayi amachirabe, makhanda amabadwabe masiku asanakwane, ndipo chimene chimatsala ndi chomwe mzamba wa pamalopo akudziwa.

Dziko la Malawi linalonjeza, pamodzi ndi mayiko ena, kuti pofika 2030 imfa za makhanda zitsike kufika pa 12 mwa 1,000 aliwonse. Ulendo udakali wautali, ndipo sudzafupikitsidwa ndi kugula makina okha, chifukwa mbiri ya bungweli yatiwonetsa kale malire a njira imeneyo. Zomwe zikufunika n'zodziwika, ndipo zambiri zili m'manja mwathu. Aliyense wolowa m'wodi ya makhanda, kaya ndi namwino, clinical officer, wothandizira odwala kapena mmisiri wa makina, alandire maphunziro oyambira asanapatsidwe udindo, ndipo akhale ndi womuyang'anira mpaka atakhwima. Ophunzitsidwa asamasamutsidwe mwachisawawa. Wodi iliyonse izikhala pansi kukambirana imfa iliyonse, osati pofuna woloza chala koma pofuna chokonza. Khonsolo ya boma, poika ndalama za zaumoyo, iziwerengera maphunzirowa pamodzi ndi mafuta a jenereta ndi a ambulansi, osawasiyira mabungwe. Mafumu ndi makomiti a zipatala, omwe anathandiza kubweretsa amayi kuchipatala, ali ndi ufulu wofunsa ngati amene akulandira makhanda awo anaphunzitsidwa. Tinauza amayi a ku Phalombe kuti asiye azamba a m'mudzi abwere kwa odziwa, ndipo anabwera. Tsopano ngongole ili kwa ife yoonetsetsa kuti amene akuwapeza kumeneko ndi odziwadi.